Chipewa, magalasi akuda ndi mbendera ya utawaleza: zomwe ndinaona ku Pride

Tsiku loyamba kupita ku Pride ndinavala ngati munthu wothawa angongole. Chipewa chachikulu chofika m'maso, magalasi akuda amene ndinagula m'mbali mwa msewu pafupi ndi renki ya Bree, ndi jekete pamwamba pake, chonsecho unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Johannesburg likuswa mtengo. Munali mu 2019. Ndinali nditatha zaka zisanu ku Joni, ndikugwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina, poyamba kutsuka mbale, kenako kuphika. Amene anandikokera kumeneko ndi mnzanga wa ku Bulawayo yemwe tinkagwira naye ntchito. Anandichonderera zaka ziwiri zathunthu, ine n'kumangoti tidzaona chaka chamawa.

Kuchokera pamenepo ndapitako ku Sandton, ku Soweto, ku Cape Town, ku London ndi ku Manchester. Achinyamata angapo a kumudzi amene ali kunja akhala akundifunsa mwamseri, ena pa foni usiku anzawo atagona, kuti kodi kumakhala zotani, nanga apite kapena asapite. Zopita kapena kusapita sindingasankhire munthu. Ndingofotokoza zimene maso anga anaona, ndi pomwe ineyo ndinapunthwa.

Kwa amene simukudziwa, Pride ndi tsiku limene amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, ndi ena amene mtima wawo sugwirizana ndi thupi limene anabadwa nalo, amaguba mumsewu masanasana pamodzi ndi abale ndi abwenzi awo. Chiyambi chake ndi ku New York, kumene usiku wa pa 28 Juni 1969 apolisi anakathira nkhondo pa bala yotchedwa Stonewall Inn, anthu amene ankamwa pamenepo n'kukana kugwidwa ngati nkhuku. Chaka chotsatira, tsiku lomwelo, anaguba pokumbukira zimenezo. Mbendera ya utawaleza inabwera pambuyo, mu 1978, ku San Francisco. N'chifukwa chake mizinda yambiri ya kumpoto imachita mwambowu mu Juni kapena Julayi. Ku Johannesburg amachita mu Okutobala, ndipo pali chifukwa chake.

Tinakwera Gautrain pa Park Station. M'sitimamo ndinayamba kuwazindikira anzathu: wina wapaka zonyezimira m'masaya, wina wapinda kambendera m'thumba la kumbuyo, atsikana awiri agwirana manja osabisa. Titatuluka pa siteshoni ya Sandton, ndinaima kakasi. Misewu itatsekedwa, malole atanyamula zimkuzamawu, amapiano akugunda mpaka m'chifuwa. Pamwamba pa lole ina panali amuna atavala madiresi, mawigi ndi nsapato zazitali zidendene, amene kumeneko amati ma drag queen, akuvina mopanda ndi kutsetsereka komwe. Ine kuyenda ndi nsapato zoterozo kuchoka pakhomo kufika pa mjigo sindingathe. Panali magulu a mabanki, a makampani a mafoni, a ophunzira a ku yunivesite, aliyense ndi nsalu yake yolembedwa. Kulowa kunali kwaulere, koma chakumwa ndi chakudya m'kati mwake mtengo wake ndi wa ku Sandton. Idyani kunyumba musananyamuke, ndipo munyamule madzi.

Ndinayenda pakatikati pa chigulu, osati m'mbali, chifukwa ndinaona kuti ojambula amaima m'mbali ndi kutsogolo. Thukuta linali kamukamu m'jekete muja. Mnzanga uja ankandiseka, amvekere ndimaoneka ngati wapolisi wachinsinsi.

Kenako foni inalira. Achemwali anga akuluakulu, kuchokera kumudzi. Ndinathamangira kuseri kwa zimbudzi zapulasitiki zija amaziika pa misonkhano, n'kuyankha. Amvekere, "Achimwene, phokosolo ndi la chiyani?" Ndinati ndili ku ntchito, kuli phwando la azungu. Tinakamba za feteleza ndi za fizi ya mwana wawo, n'kutsanzikana. Potembenuka ndinapezana maso ndi bambo wina wachikulire, atavala chovala chowala cha anthu osesa, thumba lakuda la zinyalala lili m'manja.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

M'mimba munabwadamuka. Ndinanama, ndinati ku Kasungu.

"Ayi," iwo anatero, "Chichewa chimenecho n'cha kumunsi. Ku Thyolo kapena ku Mulanje." Anandiyang'ana kuyambira pa chipewa mpaka ku nsapato, kenako pa kansalu ka utawaleza kamene mnzanga uja anandimanga pa mkono. Ndinkadikira mawu aja tonse timawadziwa, mawu amene ndinakula ndikuwamva pa wailesi ndi pa guwa. Iwo anangoti, "Ine ndabwera kudzatola mabotolo. Za ena sindinatumidwe. Lanulo mwamaliza?" Ndinawapatsa botolo, madzi akadali theka, n'kuchokapo miyendo ili njenjenje.

Bambo amenewo sindinawaonenso, ndipo palibe chimene chinamveka kumudzi. Koma ndinaphunzirapo kanthu: Amalawi tili paliponse ku Joni. Tili m'makhitchini, m'minda ya maluwa, pa mageti, m'magalimoto a Uber. Aliyense woganiza kuti ku Sandton n'kutali ndi kwawo akudzinamiza. Mukaimbiridwa foni muli pakati pa mwambo, isiyeni ilire, mudzayankha madzulo.

Madzulo a tsiku lomwelo mnzanga uja anandifotokozera chifukwa chake mwambowu umachitika mu Okutobala. Pride yoyamba mu Africa muno inachitikira mu Johannesburg momwemo pa 13 Okutobala 1990, miyezi isanu ndi itatu Mandela atatuluka m'ndende. Anaikonza ndi a GLOW, bungwe lomenyera ufulu wa amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo, motsogozedwa ndi Simon Nkoli, munthu amene anakhalapo m'ndende chifukwa cholimbana ndi tsankho la azungu, pamodzi ndi Beverley Ditsie ndi anzawo. Panabwera anthu pafupifupi 800, ndipo nthawi imeneyo kugonana amuna okhaokha unali udakali mlandu ku South Africa. Ena mwa oguba anavala matumba a pepala kumutu, ataboola timabowo ta maso, kuopa kuchotsedwa ntchito kapena kuthamangitsidwa pakhomo. Nditamva za matumbawo ndinachita ngati andichotsera katundu pamutu. Chipewa changa chija chinali ndi azigogo ake. Patangotha zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1996, malamulo aakulu a dzikolo analetsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo mu 2006 analola maukwati. Amene anavala matumba nawonso anaguba nawo ulendo umenewo, mapazi awo anawerengedwa.

Za ku Cape Town sindichulutsa. Ndinapita kumapeto kwa Febuluwale 2020, kutatsala milungu yochepa kuti dziko litsekedwe chifukwa cha Covid. Kumeneko Pride imakhala nthawi yotentha, ndipo anthu amaguba cha ku De Waterkant ndi Green Point, nyanja ili mbali iyi, phiri mbali inayo. Kokongola, inde. Alendo ochokera ku Ulaya ambirimbiri, anyamata a matupi a ku jimu atavula malaya. Koma ine ndinadzimva ngati mlendo wa pa ukwati wa anthu olemera, woti akudyetsa bwino koma palibe akukufunsa dzina. Dzolani mafuta oteteza ku dzuwa, musamati ndine wakuda sindipsa, ine khosi linasupuka. Mzindawu ndi umene udzalandire WorldPride, Pride yaikulu ya dziko lonse lapansi, mu 2028, ndiye amene muli ku Kapa muyambe kusunga ndalama. Amene muli ndi vuto la mapepala, bungwe la PASSOP ndi la Triangle Project ali komweko.

Ku Soweto ndiye kunandigwira mtima. Pride ya kumeneko inayamba mu 2004, ndipo amaikonza ndi amayi a bungwe la Forum for the Empowerment of Women, mu Seputembala. Kulibe malole a mabanki. Kuli akazi ambiri kuposa amuna, atanyamula zikwangwani zolembedwa pa makatoni, akuimba nyimbo zomwe makolo awo ankaimba nthawi yolimbana ndi boma la tsankho, akupondaponda toyitoyi fumbi lili koboo. Pa zikwangwanizo pali mayina ndi nkhope za anthu amene anaphedwa. Dzina limene ndinaliona kangapo ndi la Eudy Simelane, amene ankasewera mpira mu timu ya dziko ya Banyana Banyana, n'kugwiriridwa ndi kuphedwa kwawo ku KwaThema mu Epulo 2008. Dziko lomwe lili ndi malamulo abwino kuposa onse mu Africa, koma mtsikana akuphedwa pafupi ndi nyumba ya mayi ake.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake mzinda umodzi uli ndi ma Pride angapo. Mu 2012, pa Pride yaikulu yomwe nthawiyo inkadutsa ku Rosebank, amayi a gulu la One in Nine anagona pamsewu kutsekereza oguba, kupempha kuti pakhale mphindi imodzi yachete yokumbukira akazi akuda ophedwa m'makomboni. Panabuka mkangano woopsa ndi okonza mwambowo. Mpaka lero anthu amakanganabe kuti kodi Pride ndi phwando kapena ndi zionetsero. Ine ndimati zonse ziwiri, monga maliro a kwathu: kumakhala kulira, kumakhalanso adzukulu oseketsa anthu. Koma ndikafunsidwa komwe ndinamva kuti ndili pakati pa anthu anga, ndi ku Soweto.

Kuguba m'komboni n'kosiyana ndi kuguba pakati pa nyumba zagalasi. Mumadutsa pa makomo a anthu. Agogo ena anatulutsa mpando n'kukhala pa geti, akuwomba m'manja motsatira nyimbo. Ana ankatithamangira kupempha timbendera. Pa shabini ina amuna anatiloza ndi mabotolo, wina n'kutukwana mawu amene sindingawalembe pano, mayi wina wa m'gulu lathu n'kumubwezera mwa Chizulu mpaka anzake omwe anamuseka. Jekete ndinali nditaisiya kunyumba ulendo umenewu. Chipewa ndi magalasi zinalipo.

Malangizo amene amayi a kumeneko anandipatsa ndi omwe ndimapatsa aliyense. Choopsa si nthawi yoguba, pamene muli ambiri ndipo apolisi ali pomwepo. Choopsa ndi pobwerera, mwatsala awiri kapena nokha pa renki, zonyezimira zikadali kumaso. Nyamulani malaya ena m'chikwama, ndi kansalu kopukutira nkhope. Musanakwere takisi, vulani chilichonse cha utawaleza. Nyamukani dzuwa lisanalowe, ndipo wina adziwe komwe muli. Mapepala anu akhale m'thumba. Pa mwambo penipeni sindinaonepo wapolisi akufunsa munthu pasipoti, koma njira yopita ndi yobwerera ndi misewu ya Joni yomwe ija mukuidziwa. Amene mapepala anu sali bwino, ganizani kawiri.

Pa 26 Juni 2021 ndinali pa ntchito, ndikusenda anyezi, mnzanga wa ku Bulawayo uja atabwera ndi foni. Amvekere, "Taona kwanu." Zinali zithunzi za ku Lilongwe. Anthu pafupifupi 50, motsogozedwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance, akuyenda mumsewu ndi mbendera ya utawaleza, kukapereka chikalata cha madandaulo awo ku khonsolo ya mzinda. Pride yoyamba m'Malawi. Ambiri anali atavala masiki, ndipo Covid inawachitira chifundo chaka chimenecho, chifukwa palibe akanawafunsa kuti mwabisiranji nkhope. Ndinakuza zithunzizo ndi zala, kuyang'ana mitengo, dothi lofiira m'mbali mwa msewu, ma minibasi akudutsa. Misozi ndinainamizira anyezi.

Ndinali mnyamata wa ku sekondale mu Disembala 2009 pomwe Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anamangidwa atachita chinkhoswe ku Blantyre. Ndimakumbukira momwe anthu ankaunjikirana pa wailesi kuseka, ine n'kumaseka nawo mokweza kuposa onse kuti wina asandiyang'ane. Mu Meyi 2010 anawagamula zaka 14, ndipo patapita masiku ochepa Bingu wa Mutharika anawakhululukira, mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon ali m'Malawi. Lamulo loletsa kugonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha likadalipo. Amuna chilango chake chimafika zaka 14, akazi zaka 5, ndipo pa 28 Juni 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linakana kulichotsa. Choncho anthu 50 aja a ku Lilongwe ine ndimawaona ngati ambiri kuposa chinamtindi chilichonse chimene ndinachiona kunja. Iwo atatha kuguba anakwera minibasi kupita ku Area 25, ku Kawale, ku Mtandire, kwa eninyumba ndi aneba omwe aja.

Mu Okutobala 2022 ndinapitanso ku Sandton. Sabata imeneyo ofesi ya kazembe wa America inachenjeza kuti zigawenga zikhoza kuukira pamalo pomwe pasonkhana anthu ambiri ku Sandton pa 29 Okutobala, lomwe linali tsiku la Pride. Ambiri anaopa, ena sanabwere. Mwambo unachitikabe, apolisi ali mbwee, ndipo palibe chinachitika. Chodabwitsa n'choti tsiku limenelo ndi lomwe ndinavula magalasi. Sindinganene kuti kunali kulimba mtima. Kungoti mantha a bomba anaposa mantha a kamera, ndinkafuna kuona bwino komwe ndingathawire.

Chaka chotsatira ndinapeza mwayi wa ntchito yosamalira okalamba ku England, m'tauni ina yaing'ono kumpoto. Usiku wa Lachisanu, kucha kwake kuli Loweruka pa 1 Julayi 2023, ndinakwera basi kupita ku London ndi anzanga atatu a ku ntchito, mzimayi wachizungu ndi atsikana awiri a ku Philippines. Basi ndi yotchipa kwambiri kuyerekeza ndi sitima mukagula tikiti milungu ingapo tsiku lisanafike. Tinatsika pa Victoria n'kuyenda wapansi mpaka ku Hyde Park Corner, komwe perete amayambira masana.

Ya ku London ndi nyanja. Inayamba mu 1972 ndi anthu ochepa, koma pofika 2022, pokumbukira zaka 50, kunabwera anthu oposa miliyoni imodzi. Oguba amadutsa mu Piccadilly, n'kutsika cha ku Trafalgar Square mpaka ku Whitehall. Chimene sindinkadziwa n'choti sungangolowa mumsewu n'kuyamba kuguba monga ku Soweto. Oguba ndi magulu olembetsa, ovala kachingwe pa mkono, ndipo ena nonse mumaonerera kuseri kwa mipanda yachitsulo. Kuonerera n'kwaulere. Tinaima maola anayi ndipo mapeto a mzerewo sitinawaone. Anadutsa anamwino, ozimitsa moto, asilikali atavala yunifolomu, aphunzitsi, magulu a mipira, abusa atavala makolala, gulu la Asilamu, makolo atanyamula zikwangwani zonyadira ana awo. Abusawo ndi amene anandiimitsa mutu. Mmodzi, mayi wa imvi, ankadalitsa anthu m'mbali mwa mpanda, ndipo ine, mwana wa mkulu wa mpingo, ndinangoyang'ana pansi.

Zovuta za ku London ndi zazing'ono koma zimawawa. Zimbudzi n'zosowa, mizere yake njotalika, ndiye musamwe mowa wambiri m'mawa. Netiweki ya foni imagwa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, choncho gwirizanani malo okumanirana mukasochererana, ndipo akhale malo oonekera, osangoti pa Piccadilly. Masiteshoni a sitima za pansi apafupi amadzaza, bola kuyenda wapansi kukakwerera patali. Madzulo aliyense amathamangira ku Soho, mu Old Compton Street, komwe munthu sungaponye phazi. Akuba mafoni nawonso Pride amaikonda.

Cha m'ma 3 koloko kunadutsa gulu la anthu a ku Africa, ambiri mwa iwo othawa kwawo, atanyamula mbendera za Uganda, Nigeria, Cameroon, Ghana. Chaka chimenecho Uganda inali itangokhazikitsa lamulo lake lija lokhala ndi chilango cha imfa. Anali ndi ng'oma zenizeni, osati za pa zimkuzamawu. Mayi wina wa m'gulumo anaimba nthungululu, ndipo ine sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Ndinavula chipewa n'kuyamba kuchikupiza m'mwamba, ndikukuwa ngati ndili pa bwalo la mpira. Chipewacho chinandipulumuka n'kugwera kuseri kwa mpanda, anthu n'kuchipondaponda. Sindinadandaule. Ndinkaona ngati ndafika.

Lachiwiri m'mawa, ndikutuluka pa shifiti ya usiku, ndinapeza mafoni asanu ndi awiri a achemwali anga. Mzimayi wachizungu uja, mwa chikondi chake, anali ataika zithunzi pa Facebook n'kunditchula dzina. Ine pakati, mutu uli pamtunda, kukamwa kuli yasa, mbendera ili paphewa. Chithunzicho chinaonekera pa tsamba langa, msuweni wina n'kuchijambula, n'kuchiponya pa gulu la WhatsApp la achinyamata a m'banja mwathu.

Ndinaimba ndili pa siteji ya basi. Analandira osapereka moni.

"Achimwene, chija ndachiona."

Ndinakhala chete.

"Amayi sanachione, ndipo sachiona. Wachiponyayo ndamuuza achichotse, ndamuuzanso kuti akachitumiza kwa amalume, fizi yake adzalipira yekha." Anapuma kaye. "Ine ndinadziwa kalekale, musanapite n'komwe ku Joni. Koma inu muli kutali, ife tili konkuno. Ku tchalitchi timapita ndife. Mukamavina muzikumbukira zimenezo."

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo kwa masiku angapo ndinawakwiyira. Pano ndimaona kuti sanalakwe. Nkhope yanga si yanga ndekha, ikufanana ndi ya amayi, ndipo m'mudzi mwathu aliyense amaidziwa. Akuluakulu amati mbewa yamanyazi inafera kuuna, n'zoona, koma yotuluka osayang'ana kumwamba kamtema amaitola. Chithunzi chija anachichotsa, koma amene anachiona anachiona. Asuweni awiri sandiyankhulanso. Wina, amene sindinkamuganizira n'komwe, ananditumizira uthenga usiku wofunsa kuti kumakhala zotani kumeneko.

Ndiye mverani kuno, inu amene simunakonzeke kuti kwanu adziwe. Ku London ndi ku Joni munthu ali ndi ufulu wojambula pamsewu, ndipo pa Pride aliyense ali ndi foni m'manja, kuphatikizapo atolankhani. Koma amene angakuululeni msanga si mtolankhani, ndi mnzanu wokukondani. Musananyamuke auzeni anzanu mosapita m'mbali kuti asakujambuleni, asakutchuleni dzina. Azungu ambiri sazimvetsa pokhapokha mutawauza kuti kwanu ndi zaka 14. Pa Facebook pali pomwe mumatchera kuti chithunzi chomwe wina wakutchulani chisaonekere pa tsamba lanu musanachivomereze. Tcherani lero, zimatenga mphindi ziwiri. Ine ndinazidziwa madzi atafika kale m'khosi. Valani chipewa, magalasi kapena masiki ngati mukufuna, palibe adzakusekani, ndipo wokusekaniyo muuzeni za matumba a pepala a 1990. Amene mukupempha chitetezo ku Britain chifukwa cha nkhani imeneyi, musaike kanthu pa intaneti musanakambirane ndi loya wanu kapena a bungwe ngati Rainbow Migration.

Nditapsa choncho ndinalumbira kuti basi. Koma mwezi wotsatira mnyamata wina wa ku Ghana anandikakamiza kupita ku UK Black Pride, ku Queen Elizabeth Olympic Park cha ku Stratford. Imeneyi inayamba mu 2005, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa ndi Phyll Opoku-Gyimah, amene anthu amangomuti Lady Phyll. Siguba mumsewu, ndi chisangalalo cha pa bwalo, cholowa ulere. Fungo la mpunga wa jollof ndi nkhuku yowotcha, nyimbo za kwathu kuno ku Africa ndi za ku Jamaica, azimayi atamanga maduku, ena atabwera ndi ana. Zinandikumbutsa chinkhoswe, kungosowa wotola ndalama m'lichero. Chimene ndinakonda n'choti anthu ambiri kumeneko amafunsa kaye asanakujambule, chifukwa akudziwa zomwe chithunzi chingachite. Amene mukufuna kuyamba pang'onopang'ono, yambirani kumeneko.

Anzanga amandiuza za ku Amsterdam, komwe perete wake amakhala wa maboti m'ngalande za mumzinda kumayambiriro kwa Ogasiti, koma ndi pasipoti yathuyi pamafunika visa ina, ndiye ndikadali kusunga. Ku Brighton ndinalephera chifukwa cha shifiti.

Kumapeto kwa Ogasiti womwewo ndinapita ku Manchester, komwe n'kufupi ndi kumene ndimakhala. Kumeneko mwambo umatenga masiku angapo, pa wikendi yomwe Lolemba lake ndi holide. Perete wa Loweruka ndi waulere, koma nthawi yomwe ndinapita, kuti usangalale nawo m'dera la Canal Street, komwe kuli mabala, umagula kachingwe ka pa mkono, ndipo mtengo wake unandiluma. Phokoso, mowa, kuvina, zonse zinalipo monga kwina konse. Ndikanangoona zimenezo sindikanalemba za Manchester.

Lolemba usiku, zonse zitatha, anthu amasonkhana m'kapaki kotchedwa Sackville Gardens, momwe muli chifanizo cha Alan Turing atakhala pa benchi, munthu amene anathandiza dziko lake kupambana nkhondo koma boma lomwelo n'kumuzenga mlandu mu 1952 chifukwa chokonda mwamuna mnzake. Aliyense amapatsidwa kandulo. Nyimbo zimazima. Amakumbukira amene anamwalira ndi Edzi, ndi ena amene anaphedwa chifukwa cha chidani. Anthu omwe aja ankakuwa dzulo lake anangoti zii, moto ukupatsiranapatsirana kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pambali panga panali bambo wina wokalamba, yekhayekha, akutchula mayina chapansipansi, akuwerenga ndi zala. Zala za manja onse zinatha, anayambiranso.

Ine ndinalibe mnzanga wa mtundu umenewo woti ndimutchule. Amene anandibwerera m'mutu ndi achimwene athu aakulu, oyamba kubadwa, amene anamwalira mu 2002, zaka ziwiri boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere. Anali ndi mkazi ndi ana, nkhani za utawalezazi sizinkawakhudza. Pa maliro awo anthu ankangoti anadwala nthawi yaitali, ndipo m'banja mwathu dzina la matendawo silinatchulidwepo mpaka lero. Ndinalitchula usiku umenewo, m'Chichewa, pakati pa anthu osandimva, phula la kandulo likundiotcha chala.

Ndinajambula kanduloyo, dzanja lokha popanda nkhope, n'kutumiza kwa achemwali. Chikhalire cha foni ija tinali tisanalankhulane. Ndinangolemba kuti, "Ya achimwene aakulu." Kumudzi inali itadutsa 11 koloko, ndinkayesa agona. Ndili m'sitima yobwerera, foni inanjenjemera.

"Mwachita bwino. Koma kumeneko akuti kumazizira usiku. Chipewa chija munachitaya kuti?"